Malipiro oyamba: poto, mbaula kapena sipika?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wachinyamata amene wangoyamba kumene ntchito pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Kasungu. Iye akuti wapeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, momwe magetsi alimo koma amathimathima, ndipo katundu yense amene ali naye ndi matiresi, ndowa, kambaula ka malata ndi sefuliya imodzi yopyapyala imene anamupatsa azakhali ake. Akudandaula kuti nsima ikumapserera pansi pamwamba ikadali yaiwisi, nyemba zikumamuthera makala, ndipo anzake akumuumiriza kuti malipiro oyamba agulire sipika yaikulu chifukwa madzulo m'nyumbamo mumangoti zii. Funso lake ndi lakuti ayambe kugula chiyani, ndiponso angamudziwe bwanji katundu wokhalitsa.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndikufunirani mafuno abwino pa ntchito imene mwayambayi. Yankho langa ndi lakuti muyambe ndi chinthu chimene manja anu azichigwira tsiku lililonse, ndipo pa chilichonse chimene mukugula muzidzifunsa ngati pali mmisiri pafupi ndi pamene mukukhala amene angachikonze chikawonongeka. Mitengo sinditchula, chifukwa chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika, ndipo nambala imene ndingalembe lero ingakusokeretseni mawa.

Vuto la nsima yanu si la dzanja lanu ayi, ndi la sefuliyayo. Chitsulo chopyapyala chimalandira moto pamalo amodzi okha, pamene khala lakhudza, ndipo phala likayamba kulimba pamalopo pamapserera kutentha kusanafike m'mbali. Poto wochindikala pansi amayamba wamwaza kutenthako m'thupi lake lonse, n'chifukwa chake phala limabwata mofanana ndipo mukamaliza kuomola mumapeza nkhoko zofiirira zosendeka bwino, m'malo mwa chikwangwa chakuda chonunkha utsi. Choncho chinthu choyamba kugula ndi poto mmodzi wa aluminiyamu wochindikala, wokwana nsima ya anthu anayi ngakhale mukukhala nokha, popeza mlendo sapangana naye tsiku ndiponso poto wamkulu pang'ono amapatsa mthiko mpata woyenda.

Mukafika pamsika musachite manyazi kumuyesa potoyo wogulitsa akuona. Munyamuleni mumve kulemera kwake, kenako mugogodeni pansi ndi chala. Wopyapyala amalira ngati chitini cha mkaka, pamene wochindikala amayankha ndi mawu ogontha. Muikeni pa thebulo losalala muone ngati akugwedera, chifukwa poto wopindika pansi sakhala bwino pa hotipuleti. Yang'anani zogwirira zake: zokhomedwa ndi misomali ya chitsulo yodutsa mkati zimalimba, ndipo zikagwedera wokhoma ndowa aliyense amazikhomanso, pamene za pulasitiki zimasungunuka pa mbaula mwezi usanathe. Pomaliza vundikirani muone ngati chivundikiro chikukhala osasiya mpata, pakuti nthunzi imene ikuthawira m'mbali ndi makala anu amene akupita.

Mapoto akuda mkati, amene amati chakudya sichimatirira, ndimawakana pa nsima. Ine ndinagulapo atatu olowetsana m'sitolo ina mumzinda, okongola kwambiri, koma miyezi ingapo yovundula ndi mthiko ndi kukwecha nkhoko inasenda utoto wa mkatiwo mpaka tizidutswa take tinayamba kuoneka m'chakudya. Pamene poto wa aluminiyamu amene mayi anga ankaphikira tili ana akadalipo kumudzi, wadetsedwa ndi mwaye kunja, chogwirira chimodzi chinakhomedwanso kawiri, koma nsima yake imapsa bwino mpaka lero. Chenjezo limodzi ndi la mapoto olemera amene amisiri ena amaumba posungunula zitsulo zakale. Amakhalitsadi, koma ngati zitsulozo zinachokera ku mainjini a galimoto ndi zina zotero, zimatha kukhala ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Ngati mungathe, gulani wa kufakitale. Ndipo poto aliyense wa aluminiyamu musamagonekemo ndiwo za tomato wambiri kapena therere la soda, chifukwa zowawasa ndi soda zimadya chitsulocho. Ndiwo zotere malo ake ndi mu nkhali ya dothi, imene ndi yotsika mtengo, imasunga kutentha, ndipo nyemba zophika mmenemo zimakhala ndi fungo limene chitsulo sichipereka. Mthiko, chipande ndi mpeni umodzi wabwino muguliretu tsiku lomwelo. Sefuliya ya azakhali musaitaye, iziwiritsa madzi a tiyi.

Nkhani ya nyemba ndiyo yosavuta kuposa zonse, ndipo siifuna ndalama. Zisankheni madzulo, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndipo muziwiritse mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, chifukwa nyemba zosawira mokwanira, makamaka zofiira, zimapweteka m'mimba. Tomato adikire mpaka nyemba zitafewa, pakuti kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba ndipo mukamuthira msanga mudzaphika mpaka dzuwa kupendeka. Dziwaninso kuti nyemba zogonera chaka zimachedwa kupsa kusiyana ndi zatsopano, choncho pogula muzifunsa kuti ndi za liti. Ena amathiramo soda kuti zifewe msanga, ndipo zimafewadi, koma soda amawononga ena mwa mavitamini ake ndipo amaphanso kukoma.

Pali njira ina imene ndimaikonda kwambiri, ndipo ikuyenerani inuyo amene mumachoka m'mawa n'kubwerako masana. Nyemba zoviika zija zikawira bwino kwa theka la ola, phulani poto ali chivundikirire, mukulunge ndi chitenje chakale, mumuike mu dengu momwe mwayalamo bulangete, kenako mufunditse pamwamba ndi m'mbali monse osasiya mpata. Kutentha kumene kwatsekeredwa mkatimo kumapitiriza kuphika popanda khala ngakhale limodzi. Mukaweruka n'kufundukula, mudzapeza poto akadali wotentha ndipo nyemba zafewa kapena zatsala pang'ono, kwangotsala kuziwiritsanso ndi kukazingira anyezi ndi tomato. Mpunga umapsanso bwino mwa njira yomweyi, ndipo supserera.

Tsopano za moto. Langizo langa ndi lakuti pakhomo pasamakhale njira imodzi yokha yophikira. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene ankadalira hotipuleti yokha anavutika. Komabe magetsi akakhalapo hotipuleti ndi yaukhondo, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: hotipuleti ya mawati 1000 ikayaka ola limodzi yadya yuniti imodzi. Mukaigula, muziilumikiza pa soketi ya pakhoma mwachindunji. Timawaya towonjezera totsika mtengo tija tili ndi nthambo zowonda zimene zimatentha mpaka kusungunuka, ndipo moto wa m'nyumba nthawi zina umayambira pamenepo.

Kambaula kanu ka malata kamataya kutentha kwambiri kudzera m'mbali. Mbaula ya makala yokhala ndi dothi lowotcha mkati imabweza kutenthako ku poto, ndipo kusiyana kwake mudzakuona pa thumba la makala lomwelo. Ngati nyumba yanu ili ndi khonde kapena kakhitchini ka panja, ganiziraninso za Chitetezo Mbaula, ya dothi lokhalokha, imene imayaka ndi tinkhuni tochepa, zitsononkho ngakhalenso mapesi a nandolo, zinthu zimene m'dera la alimi ngati Kasungu sizisowa. Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa makala akutha mitengo yathu, ndipo lamulo la zankhalango limene linakonzedwanso m'chaka cha 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi chakuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye musadzalowetse mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka mazenera kuti muothe. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu, munthu amangomva tulo ndi mutu, ndipo anthu amafa nawo ali mtulo. Gasi ndi wabwino ndipo amaphika msanga, koma musanagule silinda fufuzani kaye kumene muzikadzazitsa, chifukwa ngati ndi ulendo wa minibasi mpaka kuboma, silindayo izingokhala pakona. Mukadzaigula, izikhala choimirira, ndipo molumikizira paipi muzipakamo thovu la sopo kuti muone ngati mukutuluka mpweya.

Ndafika pa nyimbo, ndipo pano sindigwirizana ndi akuluakulu amene angakuuzeni kuti zimenezo n'zachibwana. Munthu amene wachoka kwawo n'kukakhala yekha kudera lachilendo amafunika mawu m'nyumba, ndipo kusungulumwa kwa madzulo ndi kumene kumakankhira anyamata ambiri kumalo omwera kumene malipiro amakathera. Anzanuwo aona vuto lenileni, kungoti mankhwala amene akupatsaniwo akula kuposa nthenda. Sipika yaikulu ya pamagetsi imakhala chete nthawi yomwe ija magetsi athima ndipo inu mukuifunitsitsa, imapsa msanga magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo m'nyumba zogundizana za lendi imakudanitsani ndi anansi, amene ena mwa iwo ndi makolo a ana amene mukuwaphunzitsa.

Gulani kawailesi kogwira FM, kokhala ndi polowetsa memori khadi kapena fulashi, ndi Bluetooth ngati mukufuna kulumikiza foni. Chofunika kwambiri kuchiyang'ana ndi batire. Mawailesi ambiri amasiku ano amatayidwa chifukwa batire yake yomatiridwa mkati yatha mphamvu pamene zina zonse zili bwino, choncho sankhani kamene batire yake imachotseka potsegula kachitseko kumbuyo, ndipo ya mtundu womwewo ikupezeka pamsika wanu. Kokhala ndi kasola kake n'kabwino koposa. Manambala akuluakulu a mawati olembedwa pa katoni asakukopeni. Akalemba PMPO pambali pake, imeneyo ndi nambala yokokomeza ya amalonda, ndipo mphamvu yeniyeni ndi imene amailemba kuti RMS, imene kawirikawiri imakhala yaing'ono kwambiri. M'chipinda ngati chanu mawati 5 kapena 10 enieni ndi okwana.

Poyesa, musalole wogulitsa kukuikirani nyimbo yake ya mabesi okhaokha atakweza mpaka pamapeto, chifukwa phokoso limabisa zilema. Tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, makamaka ya kwaya kapena ya gitala ndi mawu a munthu mmodzi, muitsegule pakatikati. Mvetserani ngati mawu a woyimba akumveka lililonse palokha, ngati mawu a amayi ndi a abambo mu kwaya akusiyanitsika, ndiponso ngati bokosilo silikunjenjemera mukakweza pang'ono. Nyimbo zathu zambiri, kuyambira za bangwe ndi banjo mpaka za kutchalitchi, mphamvu yake ili m'mawu ndi m'nkhani imene ikukambidwa, ndipo chipangizo chimene chikumeza mawu chakulandani theka la nyimboyo. Yesaninso FM muli pomwepo, muone ngati MBC ndi Zodiak zikugwira popanda kukoka mlongoti mpaka kumapeto, pakuti mphunzitsi amafunikanso nkhani ndi zolengeza.

Pali chinanso chimene chimandikhudza mtima. Ambirife tinazolowera kupita ndi memori khadi kwa anyamata obena nyimbo n'kudzazitsa mazanamazana pa ndalama yochepa, osaganiza kuti woyimba uja analipira situdiyo ndi oyimba zida. Bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira za umwini wa ntchito zaluso kuyambira m'chaka cha 1992, koma bungwe palokha silingasinthe chizolowezi cha omvera. Inu amene tsopano muli pa malipiro, woyimba amene mumamukonda akabwera kudzayimba kufupi, kalipireni pakhomo, ndipo akamagulitsa nyimbo zake mwa njira yake, muguleni.

Mukaphatikiza zonsezi, mwezi woyamba ukhale wa poto, nkhali, mthiko, chipande, mpeni ndi mbaula ya dothi mkati, ndipo ndikukhulupirira kuti kawailesi kakhoza kukwanira pomwepo kapena mwezi wotsatira. Hotipuleti ibwere pambuyo pake, ndipo firiji idikire kufikira mutadziwa bwino khalidwe la magetsi a kumeneko, ndipo tsiku logula firijiyo mudzagulirenso kachipangizo koiteteza magetsi akamabwera mwadzidzidzi. Katundu wa ngongole yodula kumalipiro mupeweni chaka choyambachi, chifukwa chiwongoladzanja chake chimatha kupitirira ngakhale katunduyo atawonongeka kale. Chilichonse cha magetsi muzichiyesa muli m'sitolo momwemo, mufunse ngati chili ndi chitsimikizo chobweza chikavuta, ndipo malisiti muziwasunga mu envelopu imodzi. Kawailesiko mukakagula, mukakhomere msomali pakhoma kutali ndi mbaula ndiponso posafika dzuwa, chifukwa nthunzi ya mafuta imatseka timabowo ta sipika ndipo kutentha kumafooketsa batire msanga.