Musanathawe Premiere chifukwa cha AAF, yambani mwasesa timeline yanu

Wowerenga wina wandilembera imelo yodandaula. Wakonza kanema wa mphindi 26 mu Premiere Pro, pulogalamu yodulira kanema, ndipo watumiza ntchitoyo kwa wosakaniza mawu amene amagwiritsa ntchito Pro Tools, pulogalamu yokonzera mawu. Tizidutswa tina tafika topanda mawu, voliyumu imene anaitsitsa yabwerera mwakale, ndipo chakumapeto milomo ikusemphana ndi mawu ndi sekondi imodzi ndi theka. Akufunsa ngati angosamukira ku DaVinci Resolve, pulogalamu inanso yodulira kanema.

Achimwene, musasamuke. Mukafika kumeneko mukapeza mavuto omwewa atangosintha malaya. Gwero lake ndi lakuti fayilo ya pulojekiti ilibe kanema kapena mawu m'kati mwake. Ndi mndandanda wa malangizo chabe: tenga fayilo yakuti, yambira pa fremu yakuti (fremu ndi chithunzi chimodzi mwa zithunzi zopanga kanema), lekezera apa, ika pa mzere wachitatu. Pulogalamu iliyonse imalemba malangizowa m'njira yakeyake, n'chifukwa chake Pro Tools singatsegule fayilo ya Premiere. Pakati pake pamafunika womasulira, ndipo odziwika ndi mitundu iwiri ya mafayilo, OMF ndi AAF. OMF ndi wakale, anachokera ku kampani ya Avid m'zaka za m'ma 1990, ndipo AAF ndi amene anabwera kudzalowa m'malo mwake. Onsewa amangomasulira zimene mbali ziwirizi zimamvana: malo a tizidutswa, mayina ake, kusintha kwa voliyumu kwa pa kachidutswa, ndi kulowana kwa mawu kosavuta. Zina zonse zimatsalira panjira.

Voliyumu yanu inathera pomwepo. Ngati munaitsitsa mu Audio Track Mixer, ndiye kuti munakhudza mzere wonse, ndipo zimenezo musayembekezere kuti ziwoloka. Zimene zimawoloka ndi timadontho ta voliyumu timene mumaika pa kachidutswa kenikeniko. DeNoise yochotsa phokoso, EQ yosintha kamvekedwe ndi zonse zokonzera mawu za mu Essential Sound nazo siziwoloka ngati zinthu zoti wina n'kuzisintha. Pali kabokosi kolembedwa Render Audio Clip Effects kamene kamazimatira m'mawumo, koma ine ndimati musakaguse. Munthu amene mukumulipira kuti ayeretse mawu mukumupatsiranji mawu amene mwawachapa kale mpaka kumveka ngati munthu akulankhula m'ndowa? Phokoso akhoza kulichotsa, koma zimene DeNoise yadya sangazibweze.

Za OMF ndinene mwachidule: isiyeni pokhapokha mnzanu wosakaniza mawuyo alibe njira ina. Fayilo yake siipitirira 2 GB. Mzere umodzi wa mawu pa 48 kHz ndi 24-bit umadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi, ndiye kuti 2 GB imadzaza ndi mawu a maola anayi. Zikumveka zambiri, koma mukajambula anthu angapo ndi maikolofoni anayi tsiku lonse, n'kusankha kukopera mafayilo athunthu, malirewo mwawadutsa kalekale.

Tsopano tizidutswa tosowa tija. Ndikhoza kulumbira kuti timeline yanu, pamene mwandandalika tizidutswa tanu m'mizere, ili ndi chimodzi mwa zinthu zitatu: nested sequence, multicam (zojambula zingapo za nthawi imodzi zomangidwa pamodzi) imene simunaiphwasule, kapena merged clips. Nest ndi timeline yobisika m'kati mwa inzake, ndipo AAF ikafika pamenepo imatulutsa chidutswa chimodzi chomatana kapena malo opanda kanthu. Merged clips, pamene chithunzi ndi mawu ojambulidwa padera zamatidwa kukhala kachidutswa kamodzi, ndiye oipitsitsa. Makina ojambulira mawu monga a Zoom ndi Sound Devices amalemba mafayilo a Broadcast Wave okhala ndi timecode (nambala yosonyeza ola, mphindi, sekondi ndi fremu), nambala ya sini ndi dzina la maikolofoni iliyonse. Pro Tools imadalira zimenezo kuti ipeze maikolofoni ena amene edita sanawaike pa timeline. Mukapanga merge, chingwe chobwerera ku fayilo yoyambirira nthawi zambiri chimaduka, ndipo wosakaniza amakhala usiku wonse akufananitsa mawu ndi khutu. Kulumikiza chithunzi ndi mawu kudzera mu multicam, kenako n'kuiphwasula ndi Flatten musanatumize, kumasunga chingwecho.

Apa ndipsa mtima pang'ono. Maedita ambiri amayang'ana timeline ndi maso okha. Mawu a munthu ali pa mzere woyamba, patapita mphindi ziwiri ali pa wachisanu ndi chiwiri, nyimbo yalowa pakati pa mawu, pansi pali tizidutswa makumi awiri tozimitsidwa timene anaiwala kufufuta. Nyimbo ina ndi MP3 yotsitsa pa intaneti, mawu a wofotokoza nkhani anabwera pa WhatsApp ngati voisi. Ndiyeno AAF ikakana, mlandu ukhale wa pulogalamu? Ayi ndithu. Ndipo nchito yosesayi si ya wosakaniza mawu, ngakhale ambiri amaigwira mwakachetechete poopa kutaya kasitomala.

Kunenanso zoona, mbali ya mawu nayo ili ndi zake. Situdiyo yojambulira nyimbo si situdiyo ya mawu a kanema. Munthu akhoza kukhala katswiri pa FL Studio, koma pulogalamuyo sitsegula AAF. Reaper nayo siitsegula payokha, imafuna mapulogalamu othandizira monga AATranslator kapena Vordio. Nuendo, Logic Pro ndi Fairlight ya mu Resolve zimatsegula. Ndipo amene ali pa Final Cut Pro ali ndi mtanda wawo: kuyambira pamene Apple inatulutsa Final Cut Pro X mu 2011, kutumiza OMF kunachotsedwa, ndipo njira yopita ku Pro Tools imadutsa pa FCPXML ndi pulogalamu ngati X2Pro. Choncho funso lakuti "mumatsegulira chiyani?" lifunsidwe kamera isanayatsidwe, osati kanema atatha.

Sekondi imodzi ndi theka

Nambala mwatchulayi ikuulula wakuba. Kusiyana kwa mafremu 24 ndi 23.976 pa sekondi, kapena 30 ndi 29.97, ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Pa ola limodzi ndi masekondi 3.6, ndipo pa mphindi 26 ndi masekondi 1.56, ndendende zimene mukuona. Ndiye kuti penapake chithunzi chikuyenda pa liwiro lina, mawu pa lina. Yang'anani liwiro la sequence yanu (timeline imene mwadulirapo kanema), liwiro la kanema wotsogolera amene munatumiza kuti wosakaniza aziona chithunzi, komanso mnzanuyo aone ngati mu Session Setup kapena polowetsa AAF sanayatse pull up kapena pull down, zimene zimafulumizitsa kapena kuchedwetsa mawu pang'ono. Ngati kanemayo ndi wa wailesi za kanema za kwathu kuno, kumene muyeso wake ndi mafremu 25, zonse zikhale pa 25 kuyambira pa kamera.

Kusemphana kuli mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse umaloza kwake. Kukakhala kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, vuto ndi poyambira: Premiere imayamba sequence pa 00:00:00:00 pamene Resolve imayamba pa 01:00:00:00, ndipo kanema wotsogolera akhoza kungoikidwa pa malo olakwika. Kukakhala kwakukulu, masekondi asanu pa mphindi imodzi, mawu akumveka ang'onoang'ono ngati a mwana, ndiye kuti fayilo ya 44.1 kHz ikuseweredwa pa 48 kHz osasinthidwa. Kukakhala kopita n'kubwera, ganizirani zojambula pafoni. Mafoni amasinthasintha liwiro la mafremu pojambula, choncho zithunzi zake zidutse kaye mu HandBrake kapena Shutter Encoder kuti liwiro likhazikike musanayambe kuzidula.

Kanema wotsogolerayo asakhale fayilo ya mtundu wa H.264 ngati mungathe. H.264 imasunga mafremu athunthu apa ndi apo, enawo imachita kuwerengera, ndiye Pro Tools imavutika kuima pa fremu yeniyeni. ProRes 422 Proxy kapena DNxHD 36 ndi zolemerapo pa bandulo, koma zimayenda bwino. Timecode ioneke pa chithunzi, ndipo mawu anu osakaniza mongoyembekezera akhalemo kuti mnzanuyo amve zimene mumafuna. Ikaninso kaphokoso ka 1 kHz kotalika fremu imodzi pa 00:59:58:00, pamodzi ndi fremu yoyera, chithunzi choyamba chiyambe pa 01:00:00:00. Kena kotero kakhale masekondi awiri chithunzi chomaliza chitatha. Koyamba kakagwirizana koma komaliza ayi, ndiye kuti vuto ndi liwiro, palibenso zokangana.

Zoti muchite mawa ndi izi. Koperani sequence, yoyambirirayo musaikhudze. M'kopeyo phwasulani nest ndi multicam, fufutani zozimitsidwa, mawu a anthu akhale mizere yapamwamba, phokoso la malo pakati, nyimbo pansi. MP3 ndi mavoisi onse asanduke WAV ya 48 kHz, 24-bit. Mayina a mafayilo akhale a zilembo wamba ndi manambala, chifukwa ŵ kapena chizindikiro cha funso nthawi zina zimasokoneza kulumikizana. Potulutsa AAF gusani Enable Breakout to Mono, sankhani Broadcast Wave, Separate Audio ndi Trim Audio Files, ndipo pa Handle Frames lembani 250, amene ndi masekondi 10 pa mafremu 25. Kutumiza popanda ma handles, mawu owonjezera kumayambiriro ndi kumapeto kwa kachidutswa kalikonse, kuli ngati kupatsa telala nsalu yodulidwa pa mzere penipeni: alibe popinda, ndipo wosakaniza alibe potenga mpweya wa m'chipinda wotsekera mipata. AAF ndi foda yake ya mawu ziyende limodzi mu zip imodzi, kapena pa fulashi ya exFAT, poti FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB ndipo Mac silemba pa NTFS payokha. Yambani mwatumiza mphindi ziwiri zokha kuti ayese. Zikakanikabe, tulutsani mzere uliwonse ngati WAV yakeyake, yonse yoyambira pa fremu imodzi ndi yotalika mofanana. Adzataya ma handles, koma pulogalamu iliyonse idzatsegula.