Kodi pafupi ndi Harare pali banja lopanga vinyo wa mphesa zakomweko?

Mayi ena a ku Mufakose, muno mu Harare, anditumizira kalata pa imelo. Iwo ndi amuna awo akufuna kukumbukira tsiku la ukwati wawo pokacheza ku munda wa mphesa wa banja, kumene eni ake amapanga okha vinyo kuchokera ku mphesa zachilengedwe za dera lomwelo, osati zochita kubwera nazo. Akufunsa ngati malo otere alipo pafupi ndi Harare, ndipo ngati palibe, alowere kuti.

Amayi, minda ya mphesa ilipo ndithu kum'mawa kwa mzinda uno, mukatsata msewu wa ku Mutare. Bushman Rock ndi munda wa banja, ndipo cha ku Marondera kuli dzina lodziwika la Mukuyu, ngakhale kuti amenewo ndi a kampani. Koma mphesa zopangira vinyo zomwe zimalimidwa mu Zimbabwe muno ndi zobwera. Zambiri ndi za mtundu wa Vitis vinifera, umene kwawo ndi kumapiri a Caucasus ndi maiko oyandikana nawo, ndipo unafika kum'mwera kwa Africa ndi azungu: ku Cape, m'dziko la South Africa, vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi kumeneko. Masawu ndi masuku athu amafululidwa, n'zoona, koma si mphesa.

Izi zisakugwetseni mphwayi, chifukwa ulendo wa pafupiwu uli ndi phindu lake. Mukafika, mudzawafunse eni munda za mvula. Kuno mphesa zimapsa m'dzinja, nthawi imene mlimi wa chimanga akupempherera mvula, pamene mphesa yakupsa ikanyowa kwambiri imang'aluka n'kuchita nkhungu. Ku Cape mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, kotero iwo amakolola kunja kuli gwa. Munthu amene amapanga vinyo wabwino pa nyengo yathuyi ali ndi nkhani zoti n'kumvetsera.

Ngati thumba likulola kufika ku South Africa, kumeneko kuli mphesa imene anthu amaitenga ngati yawoyawo, yotchedwa Pinotage. Siinamere yokha m'tchire. Mu 1925 Abraham Izak Perold, mphunzitsi wa za ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mitundu iwiri ya ku France, Pinot noir ndi Cinsaut, ndipo mbewu yatsopanoyo inabadwira pa nthaka ya Africa. Munda wa Kanonkop, m'munsi mwa phiri la Simonsberg, ndi wa banja la a Krige, ndipo uli ndi mitengo ya Pinotage yobzalidwa mu 1953, yomwe imangoima yokha ngati zitsamba popanda mawaya oyangapo. Mphesa akathyola amaziwiritsa m'mathanki a simenti osavundikira, ndipo antchito amakankhira makoko pansi ndi mitengo usana ndi usiku, kuti mtundu ndi kukoma zilowe m'madzi. Kukolola kumachitika kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi. Pinotage wopangidwa mosasamala amatha kununkha ngati penti, n'chifukwa chake ena amamunyoza; ine ndimaona kuti onyozawo ambiri sanalawepo wabwino.

Komabe chimene mwafunsa chenichenicho, mphesa zakomweko ndi banja lopanga vinyo pakhomo, mudzachipeza ku Georgia, dziko la kumapiri a Caucasus, osati Georgia ya ku America. Kumeneko kuli mitundu ya mphesa yoposa 500 ya komweko, ndipo ofukula zakale anapeza zizindikiro za vinyo m'mapale a mbiya za zaka pafupifupi 8,000, kum'mwera kwa mzinda wa Tbilisi. Dera lotchuka ndi Kakheti, komwe kuli matauni a Telavi ndi Sighnaghi. Mphesa zofala kwambiri ndi Rkatsiteli, yoyera, ndi Saperavi, imene ndi yofiira khungu ndi mnofu womwe, pamene mphesa zambiri zofiira zimakhala zoyera m'kati.

Mabanja ambiri ali ndi chipinda chotchedwa marani. Mukalowamo simuona migolo, mumangoona mabowo ozungulira pansi. Amenewo ndi milomo ya mitsuko ikuluikulu yadothi, yotchedwa qvevri, yokwiriridwa mpaka m'khosi ndiponso yopakidwa phula la njuchi m'kati. Amathiramo madzi a mphesa pamodzi ndi makoko ndi njere, nthawi zina ndi timitengo tomwe, ndipo zikawira amatseka pakamwa n'kumata ndi dongo mpaka nyengo yozizira itatha. Nthaka ndiyo imasunga kutentha kuti kusasinthesinthe. Vinyo wa mphesa zoyera wopangidwa motere amatuluka wofiirira ngati uchi, ndipo amamata pang'ono m'kamwa. Bungwe la UNESCO linaika kapangidwe kameneka pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa mu 2013. Zotsalira pansi pa mtsuko amatcheza n'kupeza chacha, amene sasiyana kwenikweni ndi kachasu wathu, choncho musalimbane naye. Amakolola mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mlendo amakhazikidwa pa tebulo pomwe mkulu wotchedwa tamada amatsogolera mawu ofunirana mafuno abwino anthu asanamwe.

Kulikonse kumene mungasankhe, muyambe mwalemba kapena kuimba foni, pakuti munda wa banja si sitolo, ndipo nthawi yokolola eni ake amakhala otanganidwa. Musadzole perefyumu wamphamvu, chifukwa amaphimba fungo la vinyo kwa inu ndi anzanu. Kambale kolavuliramo kamene amakaika pa tebulo si kamwano, ndipo amene akuyendetsa galimoto akagwiritse ntchito popanda manyazi. Ngati mmodzi wa inu samwa, monga ambiri a ife a mumpingo, muwauziretu kuti akonze china.

Kunena maganizo anga, chaka chino yambani ndi munda wa pafupi, womwe mungapite n'kubwerako tsiku lomwelo. Georgia muisungire ndalama, ndipo musanagule tikiti mufunse kaye za chitupa cha viza molingana ndi pasipoti imene muli nayo.