Mapepala Akachuluka Kuposa Khodi: Yankho kwa Wolemba Mapulogalamu a Galimoto

Imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata wa kwathu amene walembedwa ntchito posachedwapa ku kampani ina ya ku Britain yopanga tikompyuta toyendetsa mabuleki a galimoto. Iye akuti ankayembekezera kuti azikhalira kulemba khodi, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsatira, koma nthawi yake yambiri ikuthera polemba mapepala, kuwerengerana ntchito ndi anzake ndiponso kukonzekera alendo obwera kudzaunika kagwiridwe ka ntchito. Funso lake ndi lakuti: kodi sikokwanira kuyesa pulogalamu mokwanira pamapeto, ikagwira bwino n'kuitumiza kwa wopanga galimoto?

Achimwene, zikomo chifukwa cha funsoli. Sikokwanira ayi, ndipo chifukwa chake chagona pa kuchuluka kwa zinthu zimene zimachitika m'galimoto nthawi imodzi. Galimoto yamakono imakhala ndi tikompyuta makumi angapo totchedwa ECU, timene amakaniko kwathu amangoti kompyuta bokosi, ndipo timatumizirana mauthenga kudzera pa mawaya a CAN, njira imene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986. Liwiro, kutentha kwa injini, mphamvu ya batire, uthenga umene wachedwa pang'ono ndi sensa imene yayamba kunama, zonsezi zikhoza kukumana m'njira zambirimbiri moti palibe kampani imene ingaziyese zonse. Tiyerekeze kuti cholakwika china chimaoneka kamodzi pa maola miliyoni imodzi. Galimoto zochepa zoyesera sizidzachiona, koma galimoto miliyoni imodzi zikagulitsidwa, iliyonse n'kumayenda ola limodzi patsiku, cholakwikacho chizipeza munthu pafupifupi tsiku lililonse. Nyumba ikapakidwa pulasitala simungadziwenso poiyang'ana ngati simenti ya m'maziko inali yokwana. Umboni umakhala kwa amene analipo pomanga ndi zimene analemba. Mapepala amene akukutopetsaniwo ndiwo umboni wotero.

Nkhani imene ndimafuna kuti aliyense wa ntchito yanu aidziwe ndi ya Toyota. Mu 2009 ndi 2010 kampaniyi inaitanitsa galimoto mamiliyoni ambiri kuti zikakonzedwe anthu atadandaula kuti zikumathamanga zokha, ndipo zifukwa zimene zinaperekedwa zinali makapeti okola chopondera moto ndi zopondera zina zokanirira. Akatswiri a NASA anaunika mbali ya zamagetsi, ndipo lipoti lawo la mu February 2011 linati sanapeze vuto la zamagetsi limene likanachititsa galimoto kuthamanga motero. Koma mu October 2013, pa mlandu wa ku Oklahoma, ku United States, wokhudza ngozi imene inapha munthu mmodzi pa galimoto ya Camry ya mtundu wa 2005, katswiri Michael Barr, amene analoledwa kuwerenga khodi yeniyeni, pamodzi ndi Philip Koopman wa ku Carnegie Mellon University, anafotokozera khoti mmene pulogalamuyo inalembedwera. Umboni wawo unati munali ma global variable pafupifupi 10,000, kutanthauza manambala amene gawo lililonse la pulogalamu likhoza kusintha, kuti malamulo a kalembedwe kotetezeka ka khodi otchedwa MISRA C anaphwanyidwa malo oposa 80,000, komanso kuti gawo loyenera kuzindikira kuti ntchito ina yofunika yaima silinali lodalirika. Oweruza anagamula kuti Toyota ilipire madola 3 miliyoni, ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti chilango chowonjezera chisanaperekedwe.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti Toyota sinavomereze kuti pulogalamu ndiyo inachititsa ngoziyo, ndipo ndalama zokwana madola 1.2 biliyoni zimene inalipira boma la United States mu March 2014 zinali za mlandu wosocheretsa anthu pa nkhani ya makapeti ndi zopondera, osati ya khodi. Chimene ndikufuna muone ndi ichi: pulogalamu ikasokonezeka kwa kamphindi, galimoto ikazimitsidwa chizindikiro chimafufutika, motero khoti linayang'ana kwambiri mmene ntchitoyo inagwiridwira. Galimoto zimenezo zinayesedwa ndithu, ndipo zambiri mwa izo zinayenda zaka popanda vuto. Chimene chinavuta ndi kuonetsa kuti khodiyo inalembedwa mwa njira yoti munthu angaimvetse yonse ndi kuitsimikizira.

Malamulo amene mukukumana nawo ku ntchito anakonzedwa kuti atseke mipata yotereyi, ndipo lililonse lili ndi mbali yake. MISRA C, imene inatuluka koyamba mu 1998 konko ku Britain, imaletsa kalembedwe ka chilankhulo cha C kamene zotsatira zake sizidziwika bwino. IATF 16949 ya 2016, yomangidwa pamwamba pa ISO 9001, muyezo wa kayendetsedwe kabwino ka ntchito, imayang'ana kampani yonse kuyambira kogula zipangizo mpaka ku fakitale. Koma amene akudyerani nthawi kwambiri, ndikukhulupirira, ndi ISO 26262 ndi Automotive SPICE.

ISO 26262, muyezo wa chitetezo cha zamagetsi za m'galimoto, inatuluka mu 2011 ndipo inakonzedwanso mu 2018. Imayamba ndi kufunsa mafunso atatu pa ngozi iliyonse imene ingabwere chipangizo chikalephera: munthu angavulale motani, galimoto imapezeka kangati pamalo oti vutolo lingachitike, ndipo dalaivala wamba angathe kuiwongolera kapena ayi. Mayankho ake ndiwo amapereka mlingo wa chitetezo chofunika, wotchedwa ASIL, kuyambira A mpaka D, ndipo D ndiye wokhwima kwambiri. Inu amene muli ku mabuleki mwagwera ku mbali yokhwimayo, n'chifukwa chake khodi yanu iyenera kuwerengedwa ndi munthu wina amene sanailembe, ndipo mayeso anu ayenera kuonetsa kuti afika pa nthambi iliyonse ya pulogalamu. Mnzanu wolemba pulogalamu ya wailesi ya m'galimoto sapanikizidwa choncho, ndipo n'zoyenera kutero, pakuti wailesi ikazima palibe amene amagwera m'phompho.

Automotive SPICE, njira younikira mmene kampani imapangira mapulogalamu, imene inayamba mu 2005 ndipo makampani a ku Germany amaiumirira kwambiri, ndiyo imabweretsa alendo aja. Iwo amapereka mlingo kuyambira 0 mpaka 5, ndipo ogula ambiri, ndiye kuti makampani opanga galimoto, amafuna 2 kapena 3. Mtima wake ndi kulondoloza: chofunika chilichonse chimene wogula analemba chizioneka kumene chinalowa m'mapulani, m'khodi ndi m'mayeso, ndipo mzere uliwonse wa khodi uzitha kubwerera ku chifukwa chimene unalembedwera. Kusintha kulikonse kuzikhala ndi nambala, dzina la wovomereza ndi chifukwa.

Ngati zimenezi zikuoneka zazing'ono, taganizirani za General Motors. Swichi yolizira galimoto za Chevrolet Cobalt ndi Saturn Ion inali yofewa moti kiyi inkatha kubwerera yokha galimoto ili paulendo, injini n'kuzima, chiwongolero n'kulimba, ndipo pangozi ma airbag osatuluka. Mu 2006 injiniya wina anavomereza kuti swichiyo ikonzedwe, koma nambala ya chipangizocho sinasinthidwe. Kwa zaka zingapo ofufuza a kampaniyo ankadabwa kuti bwanji galimoto zakale zikuchita ngozi pamene zatsopano sizikutero, chonsecho m'mabuku swichi ndi imodzimodzi. Galimoto pafupifupi 2.6 miliyoni zinadzaitanitsidwa mochedwa, mu 2014, ndipo thumba la chipukuta misozi linavomereza imfa 124. Apa panalibe khodi yovuta ngakhale pang'ono. Panasowa mzere umodzi woona m'kaundula. Pa mapulogalamu vuto lotere ndi losavuta kuchitika kuposa pa zitsulo, chifukwa ECU ziwiri zofanana kunja zikhoza kukhala ndi mapulogalamu osiyana m'kati popanda chooneka ndi maso.

Komabe kudandaula kwanu sikopanda maziko. Alipo makampani amene amalemba khodi kaye mothamanga, ndipo alendo akatsala pang'ono kufika, aliyense amagona mochedwa kulumikiza zofunika ndi mayeso kuti zioneke ngati zinatsatidwa kuyambira pachiyambi. Mapepala otere ine ndimawaona oipa kuposa kusakhala nawo, chifukwa amapatsa akuluakulu chidaliro chabodza. Ndipo palibe lamulo limene lingaletse utsogoleri wofuna kunama: pulogalamu ya Volkswagen imene inaululika mu September 2015, yoikidwa m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni kuti zichepetse utsi woipa pa nthawi ya mayeso yokha, inkagwira ntchito ndendende monga anaikonzera. Tsono funso loti muzidzifunsa ku ntchito kwanuko si lakuti mapepala achuluka kapena ayi, koma lakuti amalembedwa liti, ndipo alipo amene amawatsegula pofuna kusintha khodi.

Palinso chifukwa china chimene inu mukuchidziwa kuposa anzanu ambiri a kumeneko. Galimoto imene mukuilembera pulogalamu lero idzagulitsidwa kachiwiri ndi kachitatu, ndipo zina zidzatsika padoko la Dar es Salaam kapena Durban n'kudzayenda m'fumbi la kwathu ndi m'kutentha kwa ku Nsanje, batire itafooka, ikulizidwa ndi mawaya ochokera ku galimoto ina. Kalata yoitanitsa galimoto kuti ikakonzedwe nthawi zambiri sifika kwa mwini wake wachitatu. Mukamalemba zimene ECU iyenera kuchita magetsi akatsika kapena sensa ikadzaza fumbi, muziganizira dalaivala ameneyo.

M'miyezi yoyambayi, tengani chofunika chimodzi cha chitetezo ndipo muchilondole nokha kuchokera m'chikalata cha wogula mpaka ku zotsatira za mayeso. Pamene ulusi wadukira mukanene kwa mkulu wanu ndipo mulembe m'kaundula wa zolakwika. Musasayine kuti mwawerenga khodi ya mnzanu ngati mwangoiyang'ana pamwamba, ndipo makina ounikira akakuchenjezani za lamulo la MISRA, musalizimitse musanalembe chifukwa chimene munthu wina angachimvetse patapita zaka khumi. Pa zowerenga, yambani ndi gawo 6 la ISO 26262, lokhudza mapulogalamu, kenako gawo 8, limene likufotokoza za kasungidwe ka mitundu ya khodi ndi kayendetsedwe ka zosintha. Za chitetezo ku akuba a pa intaneti, zimene zili mu ISO/SAE 21434 ya 2021, mudzazifikira mukazolowera ziwirizi, chifukwa nazonso zimadalira kulondoloza komweko.