Mapale a ku Athens: momwe ankapirikitsira munthu wosapalamula

Wowerenga wina watifunsa pa imelo kuti: "Ndinamva zoti Agiriki a ku Athens, eni demokalase, ankavota kuti munthu achoke m'dziko ngakhale asanalakwe. N'zoona? Nanga zinkayenda bwanji?"

Bambo, munamva zoona. Mwambowu unkatchedwa ostrakismos, kuchokera ku mawu akuti ostrakon, omwe ndi phale basi, chibenthu cha mbiya yosweka. Gumbwa wolembapo ankachokera ku Egypt ndipo anali wodula, pomwe mapale anali mbwee paliponse.

Kamodzi pachaka, msonkhano wa nzika unkafunsidwa ngati ukufuna kupirikitsa munthu chaka chimenecho. Ankavota pokweza manja, osatchula dzina la aliyense. Ambiri akavomera, pakatha pafupifupi miyezi iwiri ankatchinga bwalo la msika la Agora ndi matabwa n'kusiya zipata 10, fuko lililonse chipata chake. Wovota ankakanda dzina paphale, n'kulowa atalizondotsa kuti anzake asaone. Ovota anali amuna okha amene anali nzika. Amayi, akapolo ndi obwera ankangoonerera. Pamafunika mapale 6,000, ngakhale olemba mbiri akale amasiyana ngati chiwerengerochi chinali cha mavoti onse kapena a munthu mmodzi. Amene dzina lake lachuluka ankapatsidwa masiku 10 oti alongedze, akakhale kunja zaka 10. Panalibe mlandu, panalibe mboni, ndipo iye sankapatsidwa mpata wodziteteza. Komabe katundu wake sankalandidwa, phindu la minda yake linkamupezabe, ndipo pobwerera anali nzika monga kale.

Gwero lake linali mantha. Hippias, wolamulira wankhanza amene anathamangitsidwa mu 510 BC, anathawira kwa Aperisi, ndipo mu 490 anabwera ndi asilikali a mfumu Darius ku Marathon kuti adzatengenso mpando. Aperisi anagonja, koma anthu a ku Athens anatsala akukayikirana. Woyamba kupirikitsidwa, mu 487, anali Hipparchos mwana wa Charmos, wachibale wa banja la Hippias.

Povuta panali pa miyezi iwiri ija, chifukwa inkapatsa andale nthawi yokopa anthu. Ofukula zakale anapeza m'chitsime china m'mphepete mwa phiri la Acropolis mapale pafupifupi 190 olembedwa dzina la Themistocles, wandale wotchuka wa ku Athens, koma ataunika kalembedwe anaona kuti analemba ndi anthu 14 okha. Kwa ife apa palibenso chobisika: panali gulu limene linkakonzeratu mavoti oti ligawire anthu, makamaka osadziwa kulemba. Motero chida choletsera nkhanza chinasanduka nkhwangwa yodulira mnzako wopikisana naye.

Ndipo nthawi zina ankadula mtengo umene adzaufune mthunzi wake. Aristides, mmodzi wa atsogoleri a ku Athens, anapirikitsidwa mu 482, koma Xerxes, mfumu ya Aperisi, atayandikira ndi gulu lake lalikulu la nkhondo mu 480, onse opirikitsidwa anaitanidwa msangamsanga. Aristides yemweyo ndiye anatsogolera asilikali a ku Athens pa nkhondo ya ku Plataea mu 479. Xanthippus, bambo ake a mtsogoleri wotchuka Pericles, nayenso anabwerera n'kukatsogolera zombo za ku Athens ku Mycale. Themistocles, amene nzeru zake zinapulumutsa Agiriki kwa Aperisi pa nkhondo ya ku Salamis, anapirikitsidwa cha m'ma 471, kenako anamuimba mlandu wogwirizana ndi adani. Anathawira kwa Aperisi omwewo, ndipo mfumu Artaxerxes inamupatsa mzinda wa Magnesia, kumene anafera.

Mwambowu unatha cha m'ma 416. Voti inkayembekezeka kugwera Nicias kapena Alcibiades, andale awiri opikisana, koma awiriwa anagwirizana mwachinsinsi n'kuuza owatsatira kuti alembe dzina la Hyperbolos, amene ankalimbikitsa kuti votiyo ichitike. Amene anachoka ndi Hyperbolos yemweyo. Lamulolo silinafafanizidwe, koma anthu a ku Athens sanapirikitsenso munthu ndi phale.