Chaucer amanyoza uku akumwetulira, achemwali

Achemwali, mwanditokosa pachilonda pondifunsa za Prioress wa m'buku la Geoffrey Chaucer lotchedwa The Canterbury Tales. Prioress ameneyu, mkulu wa masisitere wotchedwa Eglentyne, anandichititsa manyazi ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, mpaka lero ndikamva dzina loti Eglentyne m'mimba mumanditentha.

Ndinalemba masamba asanu kuti Chaucer akuwatamanda mayiwa. Nanga si iye mwini akuti ankadya mwaulemu, osadonthezera msuzi pachifuwa, ndipo ankalira akaona mbewa itakodwa pamsampha? Ine ndinati sisitere wa mtima wabwino ndi ameneyu. Tsiku lobweza mapepala, aphunzitsi anatenga langa n'kumawerenga mokweza, atachepetsa mawu ngati kamwana. Dzina sanatchule, koma pepala la inki yobiriwira linali limodzi, ndipo cholembera changa aliyense ankachidziwa. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Kenako mafunso. Tiagalu take sisitereyu akutidyetsa nyama yootcha, mkaka ndi buledi woyera, chifundo chake pa anthu osauka chili pati? Chifalansa chake n'cha ku Stratford-atte-Bowe, ku England konko, cha ku Paris sachidziwa. Pamkanda wake pakulendewera golide wolembedwa kuti chikondi chimagonjetsa zonse, chikondi chiti kwa sisitere? Ine maso pansi, thukuta kamukamu, kutuluka ndikulephera chifukwa ndinakhala pakati pa benchi.

Chimandiwawa n'choti bambo amenewo semesita yonse ankangotilembetsa kuti Chaucer anamwalira mu 1400, apaulendo 29 a m'bukumo anakumana pa nyumba ya alendo ya Tabard ku Southwark popita kumanda a Thomas Becket ku Canterbury, basi. Zoti wolembayu amagwedezera mutu munthu amene akumuvula, sanatiuzeko n'kamodzi komwe. Anasungira tsiku langalo.

Onani Monk, mmodzi mwa apaulendowo. Amakonda kusaka ndi agalu, malamulo a amonke akuti n'zachikale, Chaucer n'kuvomereza kuti maganizo akewo ndi abwino. Pamenepo ndiye pali mbola. Pardoner, wogulitsa zikalata za chikhululukiro cha machimo, ndi mafupa ake a nkhumba omwe amanamiza anthu kuti ndi a oyera mtima, ameneyo sangakuvuteni.

Koma musayambe kusaka chipongwe pamzere uliwonse. Mnzanga wina atachita mantha ndi zanga anakalemba kuti Parson ndi wachinyengo, nayenso anagwa, chifukwa wansembe wosaukayo Chaucer amamulemekezadi. Chaucer akakuuzani kuti munthu ndi wabwino, yambani mwamukhulupirira. Ndipo pepala lanu kawaonetseni aphunzitsi anu ku ofesi musanapereke. Inki ikhale yakuda.