Funsani Amalume: N'chiyani chimazunguza mota?

Amalume, ndinaphwasula kamota ka wailesi yakale ya makaseti. M'kati ndinangopeza maginito awiri ndi waya wa kopa wokulungidwa. Nanga chimazungulitsa n'chiyani? Mphwanu wa ku Mponela.

Mphwanga, chinsinsi chili pa wayayo. Magetsi akamadutsa mu waya, wayayo amasanduka maginito. Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona singano ya kampasi ikupotoloka ataiyandikiza waya wodutsa magetsi. Mu 1821, Michael Faraday ku London anachititsa waya wotero kuzungulira maginito.

Yesa wekha. Tenga msomali wautali, uukulunge kambirimbiri ndi waya wokutidwa, nsonga zake ugunditse ku batire la tochi. Msomaliwo utola mapini. Ukachotsa batire, ambiri agwa. Usachedwetse, waya amatentha, ndipo za soketi ya m'nyumba usayerekeze n'komwe.

Mu kamota kako, waya wokulungidwa uja akalandira magetsi amakankhana ndi maginito awiri aja: mbali ina imakankhidwira m'mwamba, ina pansi, basi chitsulo chapakati n'kutembenuka. Koma chikanangoima panjira pakanapanda timabulashi tiwiri, tizidutswa tolowetsa magetsi, tokhudza kamphete kogawikana kamene kali pachitsulocho. Kampheteko kakamazungulira, magetsi amasintha kolowera, ndiye kukankhako sikutha. Tayang'ana kumeneko: timabulashi tikaperepeseka kapena kamphete kakada, mota imafa waya ali bwinobwino. Ambiri amataya mota yongofunika kupukuta.

Ukasinthanitsa mawaya pa batire, izungulira chobwerera.