COMSOL ikukana kuwerengera, kodi tigule laputopu ina?

Bambo ena aku Senga Bay kuno ku Salima andilembera kuti mwana wawo wamkazi ali chaka chomaliza cha uinjiniya, pulojekiti yake ndi tenti youmitsira usipa ndi dzuwa, ndiye akuiyesa pa COMSOL, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera masamu a uinjiniya, koma ikungolemba kuti "Failed to find a solution" basi. Mtsikanayo akuti laputopu ndi yofooka, pakufunika ina. Bambowo akuganiza zogulitsa ukonde umodzi kuti ndalama ipezeke.

Bambo, ukondewo musagulitse kaye chonde. Laputopu ikalephera imanena zina, imadandaula za memory kapena imangouma osayenda. Uthenga umene mwanawo akuwuonawu nthawi zambiri umatanthauza kuti masamu amene waipatsa makinawo sakugwirizana, ndipo olo mutagula ya mamiliyoni idzalemba zomwezo, kungoti idzazilemba msanga.

Tsopano iwe mtsikana tamvera. Pulojekiti yakoyi ndi yabwino zedi ndipo ndikufuna uimalize, chifukwa aliyense amene anaonapo usipa ukuwola pathandala nthawi ya mvula akudziwa kufunika kwake. Koma wasenza zinthu zitatu pakamodzi, kutentha kwa dzuwa, mpweya woyenda mkati mwa tenti, ndi chinyezi chochoka mu nsomba, ndipo chilichonse chikusintha chinzake, mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, ukakwera umanyamula chinyezi, chinyezi chikamachoka chimadya kutentha komweko. Ukaziyatsa zonse tsiku loyamba mu 3D ngakhale akatswiri zimawakanika.

Zimitsa zonse utsale ndi kutentha kokha, mu 2D. Zikayenda, sunga fayilo imeneyo ndi dzina lake. Kenako wonjezera mpweya, chinyezi chibwere pomaliza. Ikafa pa sitepe ina wadziwa pamene pali vuto, sukufufuzanso mumdima ayi.

Pa mpweya ndi pamene ambiri amagwa. Mpweya wokwera wokha chifukwa cha kutentha ndi wovuta kuti solver, mbali ya pulogalamu imene imathetsa masamuwo, ifike pa yankho ikayambira pa ziro. Yamba ndi dzuwa lochepa, tinene 50 W pa sikweya mita, yankho limenelo likhale poyambira pa 200, kenako 500, mpaka ufike cha m'ma 1000 W limene ndi dzuwa la masana kumwamba kuli mbee. Onanso m'mbali monse mwa chojambula chako, khoma lililonse uliuze chochita. Mpweya ukulowera pati, ukutulukira pati? Ngati watseka konse osaika pressure pa kadontho ngakhale kamodzi, masamuwo alibe pogwira, ndiye mauthenga a error akuti "singular matrix" amachokera pamenepa. Ndipo mayunitsi!! Wajambula mu mamilimita koma pulogalamu ikuwerenga mamita, tenti yako yasanduka ya makilomita awiri. Walemba 30 poganiza madigiri a Celsius pamene pakufunika Kelvin, ndiye kuti wauza kompyuta kuti ku Salima kukuzizira madigiri 243 pansi pa ziro.

Mesh, timagawo ting'onoting'ono timene pulogalamu imagawa chojambula chako, ili ngati maso a ukonde wa bambo akowo, akakula kwambiri usipa umapyola, akachepetsetsa ukonde umalemera osakokeka. Ika maso aang'ono pafupi ndi makoma ndi pathandala pamene zinthu zikusintha msanga, kwina konse akhale aakulu. Ukapeza yankho chepetsanso masowo uyendetsenso, manambala akasintha kwambiri ndiye kuti loyamba lija silinali yankho.

Chimene ndikukakamiza kwambiri ndi pepala ndi bolopeni usanakhulupirire zithunzi zofiira ndi zabuluu zimene pulogalamu imatulutsa. Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Tinene pa makilo 10 ukufuna kuchotsa makilo 7 a madzi, kilo iliyonse imafuna mphamvu ya kutentha ya cha m'ma 2.4 MJ kuti isanduke nthunzi, zonse pamodzi pafupifupi 17 MJ. Dzuwa la 1000 W limapereka 3.6 MJ pa ola pa sikweya mita imodzi, ndiye olo pasatayike kutentha ngakhale pang'ono makilo 10 aja pa sikweya mita imodziyo ndi maola pafupifupi 5, ndipo kumatayika kwambiri. Pulogalamu ikakuuza kuti usipa wauma pa ola limodzi, penapake walakwitsa, ngakhale isalembe error iliyonse. Zimenezi ndiye zimandiopsa kuposa uthenga wofiira uja, chifukwa mwana amapita nazo kwa sapavaiza akusekerera.

Za kuphunzira, pa webusaiti ya COMSOL pali Application Gallery, zitsanzo zokhala ndi PDF yofotokoza sitepe ndi sitepe. Tenga cha natural convection, mpweya wokwera wokha chifukwa cha kutentha uja, uchitsatire mpaka manambala ako afanane ndi awo, kenako uzisintha chimodzichimodzi mpaka chifanane ndi tenti yako. Dawunilodi ukapeza WiFi yapasukulu, bandulo isathere mavidiyo. Laisensi ya COMSOL ndi yodula, funsa ku dipatimenti ngati ali nayo, zokuba zija zisiye zimabwera ndi mavairasi ndipo sungaziike pa lipoti. Palinso mapulogalamu ena ogwira ntchito yomweyi. Ansys Student ndi yaulere koma ili ndi malire pa kukula kwa mesh, pa 2D ikukwanira. OpenFOAM ndi Elmer ndi zaulere kotheratu, kungoti zimafuna kupirira, OpenFOAM umachita kulemba m'mafayilo osati kungodina mabatani.

Bambo munafunsanso ngati zimenezi zili ndi ntchito kuno kwathu. Ndisakunamizeni, malonda a ntchito otchula COMSOL ndi osowa ku Malawi. Koma munthu womvetsa kuyenda kwa kutentha ndi madzi m'mapaipi amafunika ku fakitale ya shuga ku Dwangwa, ku ma water board, ngakhale ku sola ya 60 MW ija ya ku Nanjoka kumene mapanelo akatentha mphamvu imatsika. Akadzafuna masters kunja, pulojekiti yokhala ndi miyeso yeniyeni imamuyankhulira.

Ngati pali kandalama, funsani amakompyuta ngati laputopuyo ingalole kuwonjezera RAM kufika 16 GB, n'zotchipa kuposa yatsopano. Yotsalayo mumugulire ma thermometer awiri ndi pepala la pulasitiki loonekera, pa holide amange katenti kakang'ono pafupi ndi thandala lanu, aziyeza kutentha mkati ndi kunja ola lililonse ndi kuika usipawo pasikelo, manambala amenewo akawayerekeze ndi a pakompyuta.